Kodi Mlimi Wosamala Ndalama Angamwe Tiyi wa Shuga?

Mawu kwa alimi a chimanga ndi fodya a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma

Chaka ndi chaka, msika wa fodya ukatsegulidwa m'mwezi wa Epulo, alangizi, atsogoleri a makalabu ndi akulu a mipingo amayamba kulankhula mawu amodzi: "Sungani ndalama, musamwaze." Mawuwo ndi oona, ndipo ifenso timawanena. Koma lilipo funso limene alimi amafunsana okhaokha m'njira pobwerera ku msonkhano, ndipo liyenera kuyankhidwa poyera. Funsolo ndi ili: munthu amene wakhetsa thukuta kuyambira pa nazale mu Seputembala kufikira podinda mabelo mu Meyi, kodi saloledwa kudzigulira kanthu kokondweretsa mtima wake? Kodi kusamala chuma ndiko kuvala sanza ndi kumwa phala lopanda shuga kufikira tsiku la imfa?

Yankho lathu ndi lakuti iyayi. M'nyumba ya mlimi wosamala muli malo a tiyi wa shuga, nsalu yatsopano ndi wailesi. Koma malowo ali kumapeto kwa mzere, ndipo ayenera kupimidwa ndalama zisanafike m'manja.

NDALAMA ZA KAMODZI PA CHAKA

Mlimi asiyana ndi kalaliki wa mu ofesi. Kalaliki akawononga malipiro ake amavutika masiku 30, kenaka alandiranso. Mlimi amalandira kamodzi, ndipo akalakwa sabata imodzi amalipira kulakwako miyezi 12. Choipa china ndi chakuti ndalama zimafika pa nthawi imene sizioneka zofunika. Mu Juni ndi Julayi nkhokwe ili yodzaza, mbatata ndi mtedza zili ponseponse, palibe mwana wolira njala. Pamenepo mtima umanena kuti ndalamazi ndi zapadera. Koma ntchito yake yeniyeni ili m'tsogolo: mu Novembala pofunika mbewu ndi feteleza, mu Januwale pamene malungo achuluka, ndi mu Febuluwale pamene chimanga chimene tinagulitsa motchipa pokolola tichigulanso pa mtengo wowawa.

Vuto ili silinayambe lero. Mu 1920 azungu awiri, A. F. Barron ndi R. W. Wallace, anatsegula munda ku Mbabzi nayamba kupatsa anthu a m'midzi yozungulira mbewu ya fodya wa chikopa ndi kuwagula fodyayo. Zaka zowerengeka zitapita, alimi ake anali zikwizikwi m'chigwa chonse cha Lilongwe, kotero kuti mu 1926 Boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board lolembera alimi ndi kuyang'anira misika. Ndalama za fodya zinadzetsa njinga, nsalu, mabulangete ndi makina osokera, ndipo masitolo a amwenye anamera pafupi ndi misika. Koma m'zaka za m'ma 1930 malonda anagwa pa dziko lonse lapansi, mtengo wa fodya unatsika, ndipo amene anazolowera kudya zonse anasowa ngakhale ndalama ya msonkho.

Zimenezi zakhala zikubwerezeka. Kuyambira mu 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, amene kale ankalimidwa m'maesiteti mokha, ndipo midzi yambiri inaona malata kwa nthawi yoyamba. Koma mu 2011 fodya anachuluka, mitengo inagwa, ndipo mabelo ambiri anabwezedwa ku okushoni ya ku Kanengo. Akuluakulu akumbukiranso njala ya 2002, pamene anthu a m'chigawo chapakati anagulitsa mbuzi, njinga, mawailesi ndi mapoto pa mtengo wozizira kuti apeze kambale ka chimanga, nadya gaga ndi zitsa za nthochi. Phunziro la chaka chimenecho ndi lakuti katundu wa m'nyumba si nkhokwe. Pa tsiku la njala aliyense akugulitsa wailesi, ndipo palibe woigula.

KUSAMALA SI KUUMIRA

Tanena za kumwaza. Tsopano tinene za mnzake, ndiye kuumira. Alipo alimi amene amamva uphungu wa kusunga ndalama naupitiriza muyeso. Pakhomo pawo sopo amatuluka mowerengera, nkhuku iphedwa pokhapokha pafike mlendo, ndipo mayi wa m'nyumba atha zaka zitatu ndi chitenje chimodzi. Munthu wotere amayesa kuti akumanga chuma, koma tiyeni tione chimene chimachitika.

Choyamba, nkhokwe yake imayamba kudontha kunsi. Mayi amene wamanidwa ndalama ya mchere, sopo ndi mafuta odzola sadzakhala wopanda zinthuzo. Adzatapa chimanga mbale imodzi lero, ina mawa, nakagulitsa mobisa pa mtengo wochepa. Pofika Disembala bambo adzadabwa kuti chimanga chapita kuti. Chachiwiri, ana amene asoka fodya usiku ndi usiku osaonapo ngakhale nsapato amakula akudana ndi khasu, ndipo akangosinkhuka amathawira ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, munda nutsala ndi okalamba. Chachitatu, woumirayo mwini wake sakhalitsa. Ng'ombe imene yamangidwa pouma nthawi yaitali, tsiku lodula chingwe imalunjika m'dimba. Tonse tikuwadziwa anthu amene amadzimana miyezi 11, koma tsiku lolandira ndalama za fodya sabwerera kumudzi. Amatha sabata m'malo a mowa m'tauni, nafika kwawo ndi buledi mmodzi m'manja. Mtima umene sunapatsidwe gawo lake umadzitengera wokha, ndipo umatenga mopanda muyeso.

Makolo athu anadziwa zimenezi. Sanali anthu odana ndi chisangalalo. Anali ndi mganda, umene amuna amavina atavala malaya oyera ositidwa bwino, ndi chimtali cha amayi ovala nsalu zofanana. Anali ndi zinamwali, maukwati ndi mowa wa masese. Koma zonsezi zinali ndi nyengo yake, ndiyo chilimwe, chimanga chitalowa m'nkhokwe ndipo akulu ataona kuti chakudya chifika. Chisangalalo chinkadza pambuyo pa kuwerenga, osati patsogolo pake. Ife tikungopempha kuti mwambo womwewo ugwirenso ntchito pa ndalama.

MILU ISANU

Tsono mlimi achite bwanji? Asanapite kukatenga ndalama, akhale pansi ndi mkazi wake, atenge kope ndi pensulo, agawe chuma cha chaka chimenecho m'milu isanu. Mulu uliwonse udzale usanayambike wotsatira.

Mulu woyamba ndi nkhokwe. Musafunse mnzanu kuti banja limadya matumba angati, yesani nokha. Onani masiku amene thumba limodzi la makilogalamu 50 limatha pakhomo panu. Ngati litha masiku 20, ndiye kuti chaka chifuna matumba 19, ndipo muonjezepo awiri kapena atatu a maliro ndi alendo. Chimanga chimenechi sichigulitsidwa, ngakhale wogula afike ndi sikelo pakhomo. Ngati zokolola zaperewera, gulani chotsalacho tsopano mtengo uli pansi. Ndipo musaiwale kuti nankafumbwe amadya osaitanidwa: tongolani, umitsani bwino, thirani mankhwala kapena sungani m'matumba a PICS osalowa mpweya.

Mulu wachiwiri ndi ngongole ndi munda wa chaka chamawa. Lipirani antchito ndi aganyu amene anakuthandizani, bwezani ngongole ya kalabu, ndipo ngati munalima pa mgwirizano ndi kampani, werengani zimene zatsala ngongole itadulidwa, osati mtengo wa mabelo onse. Mukatero gulani feteleza wokulitsa ndi wobereketsa, pamodzi ndi mbewu, mwezi womwewo umene mwalandira ndalama. Musadikire Novembala, ndipo musaike mtima wonse pa feteleza wotsika mtengo wa Boma, amene anayamba kuperekedwa ndi makuponi mu 2005, pakuti sanafikirepo mlimi aliyense. Kumbukirani kuti kwacha inachepetsedwa mphamvu mu Meyi 2012, inachepetsedwanso ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Amene anasunga ndalama pansi pa mphasa anadzuka zitafota, koma amene anasunga thumba la feteleza pa malo ouma anali nalo lathunthu.

Nkhani iyi inayesedwa ndi akatswiri ofufuza. Mu 2009 iwo anagwira ntchito ndi alimi a fodya oposa 3,000 a m'makalabu a m'chigawo chapakati. Ena anathandizidwa kutsegula mabuku a ku banki m'maina awo, kuti ndalama za fodya zilowe m'menemo. Ena analandira m'manja monga mwa masiku onse. Nyengo yotsatira, gulu loyambalo linagula zipangizo za ulimi zambiri, linagulitsa zokolola zambiri, ndipo linakhalanso ndi ndalama zambiri zogwiritsa ntchito pakhomo. Taonani chinthu chomalizachi: amene anayamba ndi kusamala ndiwo anatsiriza ndi kudya bwino.

Mulu wachitatu ndi zofunika za pakhomo chaka chonse: yunifolomu, makope ndi zina za sukulu, zofunda, sopo, mchere ndi ndalama ya kuchigayo. Izi si zokondweretsa ayi, ndipo bambo amene amaziwerengera ngati mphatso kwa mkazi wake akulakwa.

Mulu wachinayi ndi wa tsoka, pakuti matenda ndi maliro sapangana ndi munthu. Chipatala cha mishoni, monga cha St Gabriel ku Namitete chimene chinatsegulidwa mu 1959, chimafuna kangachepe, ndipo ngakhale ku chipatala cha Boma wodwala amafuna galimoto ndi chakudya cha womudikirira. Mulu uwu usakhale m'thumba la malaya. Ugawidwe: zina ku banki kapena m'foni, zina ku banki mkhonde, zina zisanduke mbuzi ndi nkhuku, zimene zimaswana mwini ali m'tulo.

Mulu wachisanu tiutche mulu wa mtima. Uwu ndiwo wa tiyi, nyama ya pa Khirisimasi, chitenje cha chimtali, nsapato, wailesi. Ife tiyesa kuti usapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a ndalama zotsala ngongole zitabwezedwa. Tiyerekeze, mwa chitsanzo chabe, kuti banja latsala ndi K1,000,000. Likhoza kuika K150,000 poonjezera chimanga, K400,000 ku munda, K200,000 ku zofunika za pakhomo, K150,000 ku mulu wa tsoka, ndi K100,000 ku mulu wa mtima. Pakhomo panu manambala adzasiyana, koma mzere wake usasinthe. Chaka chabwino muluwu udzakula. Chaka choipa udzachepa kufikira paketi ya shuga ndi nkhuku imodzi yodyera pamodzi potsiriza kukolola. Koma usafafanizidwe konse, chifukwa ndiwo umene umasunga milu inayi ija kuti isabedwe ndi eni ake omwe.

Ndipo ndalama za mulu uwu zikatuluka, zidyedwe ndi mtima woyera. Munthu asamwe tiyi wake akudziimba mlandu. Wagwira ntchito, wawerenga, wadzaza nkhokwe. Tiyiyo ndi wake.

MAFUNSO ATATU MUSANAGULE

Zokondweretsa sizifanana zonse. Musanapereke ndalama kwa mwini sitolo, dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: kodi chinthuchi chimadya? Pali zinthu zimene ukagula wathana nazo, monga nsalu, mpando kapena galasi loyang'anira. Pali zina zimene zimalowa m'nyumba ndi pakamwa potsegula. Mu 1949 kunabwera wailesi yotchipa yotchedwa Saucepan Special, yooneka ngati sefuliya, imene anthu ankamvera nayo nkhani ndi nyimbo za Chinyanja zochokera ku Lusaka. Mtengo wake unali mapaundi 5, koma batire lake linali masheleni 25, ndipo likatha linkafuna lina. Wogula amene anawerengera wailesi yokha anatsala ndi sefuliya yosalankhula ndi yosaphikira. Masiku ano foni imadya mayunitsi ndi ndalama yotchajira, ndipo njinga yamoto imadya mafuta, matayala ndi amakaniko. Muwerenge chakudya chake cha chaka chonse, ndipo chituluke m'mulu wa mtima womwewo.

Lachiwiri: kodi chinthuchi chimagwirako ntchito? Njinga yakapalasa imakondweretsa mwini wake pa Sabata, koma imanyamulanso thumba kupita kuchigayo ndi wodwala kupita kuchipatala. Malata amakometsa nyumba, napulumutsa udzu ndi milimo ya chaka ndi chaka. Nyale ya sola imathetsa kugula makandulo ndi mabatire, ndipo ana amawerengera. Makina osokera ndi ngolo zimabweza ndalama zake. Zinthu zotere zili pakati pa chisangalalo ndi chuma, ndipo zikapikisana ndi zongotha tsiku limodzi, ziyenera kupambana. Ngati mtengo wake uposa mulu wa chaka chimodzi, sungani zaka ziwiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Lachitatu: kodi akondwere nacho ndani? Kilogalamu ya nyama imasekeretsa nyumba yonse. Ndalama yomweyo ikapita ku kachasu imakondweretsa mmero umodzi, nidzetsa ndewu usiku. Sitinena kuti munthu asakhale ndi kanthu kakekake. Bambo akhale ndi kake, mayi akhale ndi kake, ndipo aliyense asafunsidwe mlandu pa gawo lakelo. Koma dzifunseni ngati mukugulira mtima wanu kapena maso a anansi. Zambiri zimene zimagwetsa alimi sizigulidwa chifukwa chozikonda, koma chifukwa mnzawo wa tsidya lija wagula. Akulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pamwamba pa mafunso atatuwa pali lamulo limodzi losasinthika: chokondweretsa chigulidwe ndi ndalama imene ili m'manja. Chisagulidwe pa ngongole, makamaka ya katapila, imene imabwezedwa ndi phindu loopsa. Chisagulidwe ndi chimanga cha m'nkhokwe, kapena pogulitsa thumba la feteleza. Chisagulidwenso ndi ndalama za mabelo amene akadali m'chigafa kapena pa mzere ku Kanengo, pakuti mtengo wake sunadziwike ndipo belo likhoza kubwezedwa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Wa pachala ndi wa mphepo.

MWAMUNA NDI MKAZI PA MPHASA IMODZI

Zonse tanenazi sizingatheke ngati ndalama zidziwika ndi munthu mmodzi. Pa ntchito ya fodya mayi amathirira nazale, amawokera, amapalira, amathyola, amasoka ndi kusankha, kwinaku akuphika ndi kutunga madzi. Kawirikawiri dzina lolembedwa ku kalabu ndi la bambo, ndipo ndalama zimafikira kwa iye. Koma kwathu kuno, kumene amuna ambiri ali pa chikamwini, ngakhale munda womwewo ndi wa mbumba ya mkazi. Si chilungamo kuti wosoka fodya amve mtengo wake kwa anthu a pa chitsime.

Chifukwa chake tikupempha abambo kuti pepala la malonda lifike kunyumba ndi kuwerengedwa pamaso pa mayi. Ngati mmodzi sadziwa kuwerenga, mwana wa sukulu awerenge. Mulu wa mtima ugawidwe poyera: gawo la bambo, gawo la mayi, ndi kanthu ka ana amene anathandiza. Mayi asankhe yekha chitenje chake. Asachite kulandira chimene bambo watola mothamanga pofuna kutseka pakamwa. Banja limene lagawana motere silibisirana, ndipo nkhokwe yake sidontha.

Palinso abale. Ndalama za fodya zikamveka, amafika atsibweni, alamu ndi adzukulu, aliyense ndi vuto lake, ndipo mavuto ambiri ndi oona. Sitingakane chibale, pakuti mawa ndife tidzagogoda kwa iwo. Koma chothandizira abale chipimidwenso pa tsiku logawa lija, ndipo chikatha chatha. Apa mlimi amene wagula feteleza msanga ali ndi yankho losapweteka munthu: "Pepani atsibweni, ndalama zalowa kale m'matumba awo mukuwaonawo." Palibe mbale wanzeru amene adzamuuze kuti akagulitse.

ZOYENERA KUKUMBUKIRA

Gawani ndalama pa pepala zisanafike m'manja. Dzazani nkhokwe, bwezani ngongole, gulani za munda, konzani za pakhomo, patulani za tsoka. Pambuyo pake tengani gawo la mtima, limene mwagwirizana nonse awiri, ndipo mukondwere nalo popanda manyazi. Tsiku lokatenga ndalama musapite nokha, musatenge zonse pa ulendo umodzi, ndipo mugone kwanu.

Makolo anati sunga khosi, mkanda udzavala. Ambiri amamva mbali yoyamba yokha ya mwambiwu, nayesa kuti ukuletsa mikanda. Suletsa ayi, ukulonjeza kuti mkandawo udzavalidwa, koma ndi munthu amene khosi lake lilipo. Khosi la mlimi ndi nkhokwe yake ndi munda wake wa chaka chamawa. Mukasunga ziwirizi, tiyi wa shuga mudzamwa chaka chino, ndipo mudzamwanso chaka chamawa.